A Makiyi ndi Buku la Mlamu Wawo

Anthu ankangowatchula a Makiyi, ndipo iwo sankadandaula, poti dzina la ntchito ndi limene limadyetsa. Malo awo anali kunsi kwa masitepe a nyumba ina yamasitolo, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa zikwama za mafoni. Munali tebulo lachitsulo, makina odulira makiyi, tupa, ndi thabwa lokhomedwa misomali pomwe ankakolowekapo makiyi osadula. Ntchitoyi anaiyamba asanakwatire, ndipo tsopano imvi zinali zitasuzumira m'mbali mwa chipewa. Chala chawo cholozera cha kumanzere chinalibe nsonga, makina anaidya iwo adakali ophunzira. Akamaliza kudula makiyi ankawapala ndi tupa, kuwauzira mpweya, n'kuwapukuta pamalaya asanawapereke.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali chakuti anthu ankawakhulupirira. Munthu ankatha kusiya mtolo wonse wa makiyi a nyumba yake patebulo paja, n'kupita kukagula zinthu osacheuka.

Chaka china mchimwene wa akazi awo, yemwe anali mphunzitsi, anasamutsidwira kusukulu yapafupi, ndipo anakhala nawo kunyumba miyezi ingapo akufunafuna pokhala. Anali munthu wofatsa, wovala magalasi, wokonda kufunsa. Akaweruka ankafika kumasitepe kuja n'kukhala pakampando.

"Alamu, kodi munthu atadinda kiyi pasopo, mungathe kudula wina poyang'ana chidindocho?"

"Ndingathe, koma sindingachite."

"Nanga mwini wake angadziwe bwanji kuti mwadula awiri osati mmodzi?"

A Makiyi ankayankha zonse mosangalala. Panalibe munthu wophunzira amene anachitapo chidwi ndi ntchito yawo chotere. Ankadziwa kuti mlamu wawoyo akulemba buku, koma ankaganiza kuti ndi la ana asukulu.

Bukulo linatuluka mlamu uja atasamuka kale. Linali la nkhani zaupandu, zija zimene wapolisi amafufuza wopha anthu mpaka tsamba lomaliza. Linayenda malonda, moti nkhani yake inali m'kamwam'kamwa. A Makiyi analandira lawo, n'kuliika pashelefu osalitsegula, chifukwa maso awo ankatopa ndi zilembo zazing'ono.

Woyamba kuwatsina khutu anali wosoka nsapato. M'mawa wina anawayang'ana mwachilendo, kenako anati, "Achimwene, ndiye makiyi otsalawo mumasunga kuti?"

"Makiyi ati?"

"A anthu amene mumakawapha aja."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anafotokoza. M'bukumo wopha anthu anali wodula makiyi. Aliyense akabweretsa kiyi, iye ankadula wina wapadera n'kubisa, ndipo pakapita nthawi ankalowa m'nyumbamo mwakachetechete. Malo ake anali kunsi kwa masitepe. Chala chake cha kumanzere chinalibe nsonga, ndipo ankauzira makiyi mpweya asanawapereke.

A Makiyi anaika tupa patebulo.

Poyamba zinali nthabwala. Anyamata odutsa ankawalozerana, ena ankapempha kujambulitsa nawo. Koma nthabwala zikachuluka zimasiya dothi. Anthu anasiya kusiya makiyi patebulo. Ankaima pomwepo, maso ali pamanja a a Makiyi, mpaka ntchito ithe. Mayi wina amene anawadulira makiyi kuyambira ali mtsikana anawapempha, uku akuseka mwamanyazi, kuti atsegule kabati aonemo. Anatsegula. Munali nsanza zamafuta ndi kapu ya tiyi. Mayiyo anapepesa, koma sanabwerenso.

Madzulo ake anaimbira mlamu wawo.

"Alamu, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, alamu. Munthu wa m'bukuyo si inu. Ndinangobwereka manja anu."

"Manja angawo ndi amene ndimadyera."

Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulanenso. Akazi awo ndi amene anagwira njakata, uku mwamuna uku mchimwene. Mlamu akabwera kudzaona mlongo wake, a Makiyi ankapeza chitseko cha mnansi choti akakonze.

Zinthu zinayamba kuzizira pang'onopang'ono, monga zimachitira nkhani zonse. Ndiyeno kunamveka kuti anthu opanga mafilimu agula nkhaniyo. A Makiyi atamva, anachita mantha. Buku amawerenga ndi anthu owerengeka, koma filimu imafika paliponse, m'mafoni, m'mabasi, ngakhale kwa ana osadziwa kuwerenga. Ankadziona kale adzukulu awo akunyozedwa kusukulu.

"Ndisiya makiyi," anauza akazi awo. "Makina ndili nawo. Ndiyamba kunola mipeni."

Mayiwo anasiya kupinda zovala n'kuwayang'ana. "Bambo, anthu akukunenani kuti mumapha anthu, ndiye inu mukakhale pamsewu ndi mipeni?"

A Makiyi anaganiza, n'kuona kuti mawuwo ndi oona.

Filimu itatha kupangidwa, mlamu anatumiza uthenga kudzera kwa mlongo wake kuti pali malo awo pakuonetsa koyamba, Loweruka masana, muholo ya m'tauni. A Makiyi anakana kwamtuwagalu. Akazi awo sanakangane nawo. Anangosita malaya awo oyera n'kuwaika pabedi.

"Chilombo n'kuchiona ndi maso ako," anatero. "Mukapanda kupita mudzamva kwa wosoka nsapato, ndipo mukudziwa mmene amathirira mchere."

Anapita, chipewa chitatsitsidwa mpaka m'maso, dzanja lamanzere lili m'thumba. Anakhala kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, kuti zikavuta atuluke msanga. Mlamu wawo anali kutsogolo, atavala jekete, akugwirana chanza ndi anthu. Nayenso filimuyo anali asanaione. Opangawo anali atamuuza kuti asintha zina ndi zina, iye n'kuvomera osafunsa zambiri.

Magetsi anazima. Pasanapite nthawi, wodula makiyi anatulukira pakanema. Anali bambo wamtali, wamapewa aakulu, zala zonse zilipo.

"Mwakongolatu," akazi awo ananong'ona.

"Takhalani chete, mayi."

Munthu woyamba anaphedwa, kenako wachiwiri. Wapolisi wamkazi wofufuza nkhaniyo anapeza kuti onse anadulitsa makiyi pamalo amodzi. Anamugwira wodula makiyi uja anthu akuonerera, ena akumugenda. A Makiyi anatsetsereka pampando mpaka mawondo kugunda mpando wakutsogolo. Anagwira mkono wa akazi awo kuti azipita, koma mayiwo anaukoka.

Kenako, wodula makiyi ali m'chitolokosi, munthu wachitatu anaphedwa.

Muholo munamveka kung'ung'udza, makamaka kwa amene anawerenga buku. A Makiyi anadzuka pang'ono pampando. Wapolisi anabwerera kumasitepe kuja n'kuyamba kufunsa anthu oyandikana nawo kuti ndani wina amakhala pamalopo. Onse ananena chimodzimodzi. Panali mlamu wake wa wodula makiyi, mphunzitsi wofatsa wovala magalasi, amene ankakhala pakampando madzulo aliwonse akufunsa mafunso. Ndi amene ankadinda makiyi a anthu pasopo mwini malo akatembenuka.

A Makiyi sanadziwe kuti kuseka kunachokera kuti. Kunangotuluka, kwakukulu, pomwe holo yonse inali zii, mpaka anthu anatembenuka. Anatseka pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika. Akazi awo ankawatsina m'nthiti, koma nawonso milomo inkanjenjemera. Pomaliza wodula makiyi anatulutsidwa, wapolisi anamupepesa, ndipo anthu muholo anamuombera m'manja. A Makiyi anazindikira kuti dzanja lawo lamanzere latuluka m'thumba kalekale, likuomba nawo.

Panja dzuwa linali lidakalipo. A Makiyi anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula katundu amene wayenda naye mtunda. Anapeza mlamu wawo ataima yekha pambali pa khomo, nkhope itagwa, magalasi atawavula. Mkulu wa opanga filimu anali atangomufotokozera kuti aliyense akanamuganizira msanga wodula makiyi, choncho anafuna munthu amene palibe angamukayikire. Mkuluyo anangomupeka mphunzitsi wa mufilimuyo, sankadziwa kuti wolemba bukuyo anakhalapo pakampando koteroko.

"Lolemba ndikaima bwanji pamaso pa ana?" mlamuyo anatero, osayang'ana munthu. "Makolo awo aionera filimu imeneyi."

A Makiyi anali ndi mawu ambiri amene anawasunga nthawi yonseyi, akuthwa bwino. Anayang'ana mlamu wawo, thukuta lili pamphumi, ndipo anapeza kuti mawuwo sakuwafunanso.

"Masabata oyamba ndi amene amawawa," anatero. "Akakusekani, sekani nawo. Akafuna kuona m'kabati, atsegulireni."

"Alamu, ndinakulakwirani. Sindinkadziwa kuti zimawawa chonchi."

"Chaona mnzako chapita," akazi a a Makiyi anatero, n'kumugwira mchimwene wawo pamkono. "Tiyeni kunyumba, nonse simunadye."

Filimuyo inafalikiradi monga a Makiyi ankaopera, koma inawabweretsera zina. Anthu ankabwera kumasitepe kudzawapepesa ngati kuti iwo ndi amene anamangidwa. Wosoka nsapato anayamba kuuza aliyense kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti mnzakeyo ndi wosalakwa. Mlamu nayenso sanachotsedwe ntchito. Ana anangomupatsa dzina loti a Sopo, ndipo akuti chaka chimenecho kalasi yake inali yomvera kuposa ina iliyonse.

Lamulungu lina masana, atatha kudya, a Makiyi anaimirira n'kutsitsa buku lija pashelefu. Anapukuta fumbi ndi chigongono, n'kulipereka kwa mlamu wawo, amene tsopano ankabweranso kudzacheza.

"Maso anga salimba," anatero, akukhazikika bwino pampando n'kutambasula miyendo. "Tandiwerengereni, alamu, ndimve mmene ndinawaphera anthuwo."

Mlamuyo anavala magalasi n'kutsegula tsamba loyamba. Asanamalize mutu wachiwiri, a Makiyi anali atagona tulo, pakamwa pali yasa.