Miyezi Iwiri Yokha

Anzanga, munthu amene anandisweretsa mtima ndinakumana naye nditanyamula mapilo asanu.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa hostel ina kunja kwa dziko lino, kuchapa ma bedsheet ndi kukolopa m'makonde. Ndinali nditatha zaka ziwiri osakumana ndi munthu wolankhula chakwathu. Tsiku limenelo ndikutsika masitepe, ndinamva mwamuna akulimbana ndi zipi ya chikwama chake, akuikalipira m'chilankhulo chathu chenicheni.

Ndinaima n'kunena kuti, "Achimwene, zipi ilibe makutu."

Anatembenuka ngati walumidwa ndi njuchi. Tinaseka mpaka mapilo aja anagwa.

Anzake ankamutchula kuti Mapu chifukwa sankasochera. Anali atayenda mayiko asanu ndi chikwama chimodzi chakumsana. Patangotha mwezi, ndinasiya ntchito n'kumutsatira.

Chaka chimenecho ndinasangalala, anzanga! Tinkathyola zipatso m'mafamu, kutsuka mbale m'malesitilanti, tikapeza ya basi n'kuwoloka border ina. Katundu wanga yense anali majini awiri, malaya anayi ndi mswachi. Mapepala athu ankasunga ndi iye m'kathumba kapulasitiki, poti ine ndimataya zinthu. Tsiku lina mvula itatinyowetsa pa siteshoni, anandiveka sokosi zake zomaliza zouma, iye n'kuyenda tsiku lonse mapazi ali zii. Mumtima ndinati uyu ndiye wanga.

Amayi ankaimba foni Lamlungu lililonse, nkhani yake imodzimodzi: mwana wamkazi sayendayenda ngati nkhuku yopanda khola, anzako onse akwatiwa, bwerera. Akanditopetsa ndinkamupatsa Mapu foniyo. Ankatuluka nayo panja, pobwera n'kundiuza kuti wawakhazika mtima pansi.

Kenako Mapu anayamba kunena zoti tipite kwathu tikapume, akadziwanenso ndi makolo anga.

"Miyezi iwiri yokha, babe, kenako tinyamukanso."

Abwana a pa hostel ija anali atandilonjeza ntchito ya pa reception nyengo ya alendo ikayamba. Foni yanga inali itangofa kumene, ndiye tinawapatsa email ya Mapu. Ndinavomera kubwerera.

Kunyumba ndinapeza m'chipinda changa aikamo makina osokera a azakhali. Ndinkagona mapazi akugunda matumba a nsalu. Ndikangogwira geti, mafunso: ukupita kuti, ndi ndani, ubwera nthawi yanji? Ndikayamba kufotokoza za ulendo wathu, mchimwene wanga ankandidula kuti, "Wayambatu za kunja kwakozo." Ndinasiya kufotokoza.

Amalume anandiika pa kauntala ya shopu yawo ya penti ndi misomali, kuseri kwa mawaya, m'mawa mpaka madzulo. Zenera lake linkayang'anizana ndi khoma.

Mapu anapeza ntchito pa kampani yogulitsa matayala. Miyezi iwiri inakhala isanu. Ndikafunsa za ulendo, ankati tidikire mwezi wamawa. Ndikafunsa passport, ankati ili pabwino. Ndikafunsa za abwana aja, ankati sanalembe. Loweruka lina ananditengera kumene ankachita lendi kukandionetsa sofa yatsopano, ikadali m'pepala.

Ndinamufunsa ngati munthu wapaulendo amagula sofa. Anangoseka n'kusintha nkhani.

Lolemba lake ndinabwereka kompyuta ya amalume n'kuwalembera ndekha abwana aja. Anayankha masana omwewo. Anati anadandaula kwambiri atamva kuti sindibweranso, poti chibwenzi changa chinawalembera miyezi itatu yapitayo kuti tikumanga banja ndipo ndakhazikika kwathu. Malo aja anapatsa wina.

Anzanga... ndinatseka shopu nthawi yomweyo n'kuthamangira kunyumba.

Ndinapeza amayi akusita zovala. Nditawauza, sanadabwe n'komwe. Anazimitsa ayironi, kulowa kuchipinda kwawo, kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Passport yanga inali pansi pa mabulangete.

"Mnyamata wako uja anandipatsa tsiku limene munafika," anatero. "Ndinamupempha kuti akubweretse, ndipo mwana uja ndi womvera. Uzithokoza."

Ndiye kuti masiku onse ankatuluka ndi foni aja, ankapangana za ine.

Ndinamutsatira Mapu kuntchito kwake. Ndinamupeza pakati pa milu ya matayala atavala yunifomu yabuluu. Sanakane chilichonse. Anati anali atatopa ndi kugona m'chipinda cha anthu khumi, ankafuna chitseko chokhala ndi kiyi wake, ndipo ankafuna ine ndikhale mkatimo.

"Ndikanakuuza zoona, ukanabwera?"

"Ayi."

"N'chifukwa chake sindinakuuze."

Anayankhula modekha, ngati akundifotokozera mtengo wa tayala. Ndinamuuza kuti akanandisiya ndisankhe ndekha, ngakhale kusankhako kukanatilekanitsa. Anayesa kundigwira dzanja, ine ndinachoka. Chibwenzi chinathera pomwepo.

Passport ndinailanda, koma visa inali itatha. Ndafunsira ina kawiri, andikana kawiri, poti palibe kalata ya ntchito. Pano ndikulemba izi ndili pa kauntala yomwe ija, kasitomala akudikira kuti ndimuyezere misomali.

Mapu amabwerabe kwathu Lamlungu lililonse kudzalonjera amayi. Amamupatsa mpando wa abambo. Ine ndimadzitsekera kuchipinda n'kumamva akuseka pabalaza. Azakhali amagogoda kuti ndituluke, mwamuna wotere sapezekapezeka. Amalume amati kunja kunandisokoneza mutu.

Sindikana kuti ankandikonda. Mwina amandikondabe. Koma ndaphunzira kuti munthu akhoza kukukonda kwinaku akukunamiza, osaonapo vuto. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti m'nyumba yonseyi aliyense amati anandichitira zabwino, ndipo mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene wandifunsa kuti ineyo ndinkafuna chiyani.