Mphete ya Namzeze

Chinali chaka cha 1966, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chimene ndimayamba kukumbukira ndi galasi loonera patali la amalume: lakuda, la maso awiri, lolemera ngati mwanamphero, lonunkha mchere ndi girizi. Ankalisunga m'sokosi yakale.

Amalumewo, mlongo wawo wa amayi, anabwera kwathu ku Sadzi atagwira ntchito zaka zambiri pa sitima za pamadzi ku Debeni. Anabwera ndi galasilo, chifuwa chosatha, ndi nkhani. Ankati anaona namgumi, chinsomba chotalika kuposa tchalitchi chathu, chikutulutsa msana m'madzi n'kupemerera nthunzi kumwamba. Ankati kuli mbalame zimene zimatsata sitima sabata yathunthu osatera. Ankatinso ena mwa anamzeze athuwa amachokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, ndipo mmodzi anatera pa sitima atatopa, iwo n'kumugwira ndi dzanja, ali ndi kamphete kachitsulo kumwendo.

Za namgumi anthu ankangopukusa mitu. Za mphete ndiye ankafa nazo kuseka. Aliyense ankadziwa kuti namzeze nthawi yozizira amabisala m'mapanga a m'phiri mwathu momwemu.

"Achimwene, ukwati wa namzezeyo anadalitsa ndi abusa ati?" ankafunsa amuna pa bawo.

Dzina linamera: a Namgumi. Ngakhale amayi ankawauza kuti, "Nkhani zanuzo muzinenera m'nyumba, mukutichititsa manyazi." Amalume ankangokhosomola. Munthu wobwera kwawo chimanjamanja amatsala ndi mawu ake okha, ndipo amenewo ndiwo anthu anawalanda. Inenso ndinkaseka nawo. Sindibisa.

Koma galasilo ndinkalifuna. Anati ndidzaliika m'maso ndikalumbira kuti legeni yanga sidzakhudzanso mbalame. Ndinanyambita chala n'kuchidutsitsa pakhosi.

Mvula yoyamba itagwa, tinakwera phiri kusanache. Amalume ankapuma pafupifupi pa mwala uliwonse, chifuwa chikulira ngati mvukuto. Titafika pamwamba, m'mphepete mwa phompho, dziko kunalibe. Tauni, msika, dera la Chikanda, zonse zinali pansi pa mtambo woyera wosalala, woyalika mpaka kumene maso amalekera. Kutali uko, phiri la Mulanje linali litatulutsa msana wake wakuda pamwamba pa mtambowo.

"Namgumi ndi choncho," anatero amalume. "Kungoti uja amayenda, ndipo amapuma."

Sindinaseke. 

Kenako anamzeze anabwera, osawerengeka, akuuluka m'munsi mwathu. Chibadwire ndinkaona mbalame kumimba kokha. Tsiku limenelo ndinaziona kumsana, kukunyezimira ngati khasu latsopano. Amalume anandiika galasi m'maso. Mmodzi anafika pamphuno panga penipeni, pakhosi pofiira, diso ngati kamkanda. Ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire, amalume n'kundikoka malaya kuti ndisagwere kuphompho.

Pasanathe sabata ziwiri ndinaswa lumbiro. Anamzeze anali atandandalika pa waya wa lamya m'mbali mwa msewu, ndili ndekha, legeni m'thumba. Palibe anandituma. Mwala umodzi basi, mmodzi n'kugwa.

Nditamutola anali wofunda, wopepuka kuposa bokosi la machesi. Kumwendo kunali kamphete kachitsulo, kolembedwa manambala ndi mawu achilendo ang'onoang'ono. Ndinakhala pansi pa fumbi. Kanthu kameneka kanawoloka nyanja imene ine mpaka lero sindinaione, n'kudzafera pa mwala wanga.

Ndikanayenera kuthamangira ku bawo n'kukaika mpheteyo pakati pa nkhomo. Amuna aja akanatseka pakamwa. Koma kuonetsa mphete kunali kuvomera kuti ndapha mbalame, ndipo galasi sindikanaligwiranso. Ndinaibisa m'udzu wa denga. Ndinati ndidzanena mawa. Mwana amayesa kuti mawa ndi nkhokwe yosatha.

Amalume anamwalira chimanga chikumasula. Kumanda ndinamva adzukulu akuseka chapansipansi kuti, "A Namgumi apita kukakwera chinsomba chawo." Ine ndili chiimire pomwepo, mphete ikadali m'denga. Galasi amayi analiika m'bokosi la maliro, anati n'chokhacho chimene mwiniwake ankachikonda.

Patapita zaka ziwiri aphunzitsi anatiuza m'kalasi kuti anamzeze ena amachokera ku Ulaya chaka ndi chaka, ndipo akatswiri amawaveka timphete. Ndinathamangira kunyumba. Denga anali atalifolera kale ndi udzu wina.

Nthawi ija ndinkayesa kuti ndikupulumutsa galasi. Sindinkadziwa kuti munthu amene anakwera phiri lija ndi chifuwa chotere sankafuna lumbiro langa kwenikweni. Ankafuna mboni imodzi.

Dzinja limenelo kunatayika namzeze mmodzi, mphete imodzi, galasi limodzi, amalume amodzi. Ndi dzina lawo lenileni, limene ku Sadzi palibenso akulikumbukira.