Mwabwera Kudzazonda Matenda Kapena Kudzadandaula za Mabanzi?

Lachiwiri lapitali alongo anga aakulu a Esinati, amake Tadala, anagwa pafupi ndi uvuni m'nyumba yawo yophikira buledi pa Mponela. Sanapunthwe pa kanthu. Anali chiimire, akuuza wina za ufa, wina za nkhuni, kwinaku akuyankha munthu amene anaima pazenera. Kenaka m'maso munada, miyendo n'kukana. Kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo mankhwala oposa mapiritsi onse ndiwo kugona, osamva za ntchito kwa masiku angapo.

Popeza ine ndili pa tchuthi kuchokera ku koleji, amayi anandituma kuti ndikawatenge, ndibwere nawo kumudzi kwathu kufupi ndi Chisepo. Tinkaganiza kuti phokoso la bizinesi silingakwere zitunda zakwathu.

Linakwera, abale anga. Linakwera pa njinga.

Kwa inu amene simuwadziwa, alongo angawa adali kalaliki pa kampani ina mumzinda. Boma litangosintha, kampaniyo idachepetsa antchito, iwo n'kubwerera kuno. Sadakhale manja lende. Adaumbitsa njerwa, adamanga uvuni, adalemba anthu angapo, ndipo lero buledi wawo amapezeka m'magolosale a ku Chezi mpaka kutsidya ku Ntchisi. Aliyense amawatama kuti ndi mayi wolimba mtima. Sindinamvepo wina akufunsa kuti mayi wolimba mtimayo amapuma liti.

Oyamba kufika anali amayi a kumpingo. Anaimba nyimbo imodzi motsitsa mawu, anapemphera, anasiya nthochi ndi mtolo wa nkhuni, n'kutsazika. Amenewo ndilibe nawo mlandu. Kuzonda matenda n'kumeneko.

Dzuwa litakwera, tinamva belu la njinga. Anali a Kamphinda, mwini golosale ina imene imaoda buledi kwa alongo anga. Anakhala pampando, chipewa pabondo, nkhope yachisoni ndithu.

"Pepanitu, amake Tadala. Thupili silichenjeza. Nanga mwadzuka bwanji?"

"Pang'onopang'ono, a Kamphinda."

"Mulungu ndi wamkulu. Komatu poti ndafika kale, mabanzi a dzana aja anali owonda. Anthu akundiseka kuti ndayamba kugulitsa mazira a nkhunda."

Ndinayesetsa kusunga ulemu. "Bambo, ku Mponela kuli a Jeremiya, ndiwo akuyang'anira ntchito. Nkhani ya mabanzi mukawauze iwowo."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Inu a kukoleji, zimenezi si za m'mabuku. Ine sindikamba nkhani ndi antchito. Ndikufuna mwini wake."

Ndipo mwini wakeyo, amene adokotala anamuletsa ngakhale kuwerama, anadzuka pamkeka, n'kuyamba kufotokoza za ufa umene sunali wabwino sabata imeneyo. Ndinaona mtsempha wa pamphumi pawo ukutukumuka.

Atachoka a Kamphinda kunabwera msuweni wathu wina. Pepani matenda, koma poti ndafika kale, mwana wanga uja walephera mayeso, simungamupezere kochita ku uvuni? Kunabweranso bambo wina wa chipani. Pepani matenda, koma poti ndafika kale, komiti yathu ikusowa mayi wodziwika. Sindinena kuti anali wa chipani chiti, pakuti wa chipani chinacho anafika madzulo ake ndi mawu omwewo.

"Poti ndafika kale." Mawu atatu amenewa ndi mpeni wokulungidwa m'nsalu ya chifundo. Kodi munthu ameneyo anachoka kwawo chifukwa cha wodwala, kapena matenda angomuthandiza kupeza mwini bizinesi atagona malo amodzi, kosathawira?

Masiku ano a ufulu tikumva uthenga umodzi pa wailesi ndi pamisonkhano: ntchito zolembedwa zatha, aliyense ayambe yake. Anthu amvera. Yendani mumsewu kuchokera pa Mponela, muona zigayo zatsopano, masukulu a anthu wamba, maminibasi, mashedi ogulira fodya. Kuseri kwa chilichonse cha zimenezi kuli munthu mmodzi amene mutu wake wasanduka nkhokwe, ofesi ndi bwalo la milandu. Iye ndiye akumbukire kuti dizilo watha. Iye ndiye aweruze antchito akayambana. Pamaliro ayembekezeka kutulutsa galimoto, kumpingo akhale m'komiti, kubanja akhale mwini mbumba. Uthenga woti ayambe tikuulalikira mokweza. Woti apume akuulalikira ndani?

Ife a ku Dowa timadziwa ng'ombe. Palibe mlimi wanzeru amene amasiya ng'ombe pagoli kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Masana amazimasula, amazitengera kudambo, ndipo mnzake akadzabwereka ngolo nthawi imeneyo amamuuza mosabisa kuti ng'ombe zatopa. Wobwerekayo sakwiya. Koma munthu akanena kuti watopa m'mutu, timamuseka. Timati wayamba matama, ndalama zamulowa m'magazi. Akadzagwa, ndiye timayamba kunong'onezana kuti alipo amene wamuchita chipongwe chifukwa cha nsanje. Amene wamuchita chipongwe ndi ife tomwe, masana dzuwa likuswa mtengo, ndi tinkhani tathu ta mabanzi.

Kutopa kwa m'mutu kulibe bala, n'chifukwa chake sitikulemekeza. Koma zizindikiro zinalipo. Amayi akuti mwezi wathawu alongo anga anathira mchere mu tiyi wa alendo. Tsiku lina anaitana mwana wawo Tadala ndi dzina la wantchito. Potuluka m'tchalitchi sankadziwa kuti mlaliki wawerenga buku liti, chifukwa mapemphero onse mtima unali ku uvuni. Tonse tinkaseka. Tinkati bizinesi yawalowa. Inde inawalowa, monga nankafumbwe alowera m'chimanga.

Mpaka Lachitatu mkwiyo wanga unali pa alendo okha. Lachinayi unapeza mwini wina.

M'mawa umenewo anafika a Jeremiya eni ake, thukuta lili kamukamu. Bambo ameneyu adayamba ntchito tsiku limene uvuni udayatsidwa koyamba. Anapereka moni, anapepesa matenda, kenaka anayamba kusisita manja.

"Mayi, ufa umene munatulutsa uja watha. Wina uli m'chipinda chosungiramo, koma chitseko n'chokhoma."

Alongo anga anapapasa m'chiuno. Pamfundo ya chitenje chawo panali mulu wa makiyi. Anagwa nawo, analowa nawo m'chipatala, anagona nawo pamkeka masiku onsewa. Ndinayembekeza kuti amasula mfundoyo. M'malo mwake anayamba kufunafuna nsapato.

"Tiyeni, a Jeremiya, ndikatsekule ndekha. Ndibwerera masana."

Amayi anali atakhala pakhonde akusankha nyemba. Anaika lichero pansi, n'kuimirira pakhomo.

"Esinati, ngati ukupitadi, undigulirenso nsalu yakuda ku Mponela komweko. Ine miyendo yanga siyingayende ulendo wapadera."

"Amayi, musalankhule choncho. Ufa uja akapanda kuuyang'anira aumwaza."

"Aumwaze. Ufa amagula kusitolo. Nanga mwana ine ndikamugula kuti?"

A Jeremiya anangoyang'ana pansi. Kenaka alongo anga anakhala pamkeka, n'kuyamba kumasula mfundo ija. Inali yolimba moti anachita kuimasula ndi mano.

Tsono inu amene mudayamba bizinesi ndi manja anu, ndilankhule nanu mosapsatira, ngakhale ndine mwana kwa ambiri a inu. Anthu amafuna mwini wake chifukwa inu mudawaphunzitsa kuti wina aliyense pamalopo ndi chithunzi chabe. Mumalemba munthu ntchito, koma kiyi simumupatsa. Mumamutcha kapitawo, koma akapereka yankho kwa wogula, inu mumalisintha pamaso pa wogulayo. Mumadandaula kuti palibe wokuthandizani, pamene mtima wanu umakondwa mwakachetechete pomva anthu akunena kuti popanda inu palibe chingayende. Amenewo si matamando. Chinthu chimene sichingayende masiku ochepa popanda inu simunachimange, mwangochisenza.

Mwambi woti mutu umodzi susenza denga timaunena bwino pamisonkhano ya chitukuko. Tikabwerera kunyumba, ena timakwera padengapo kuti lilemere, ndipo wosenzayo amathamangitsa aliyense wofuna kugwirako.

Sindikunena kuti anthu onse ndi okhulupirika. Ufa umabedwa ndithu, ndipo amene adapsapo amaopa moto. Koma sankhani munthu mmodzi, mumuphunzitse, mumupatse kiyi, ndipo muuze ogula anu pamaso pake kuti mawu ake ndi anu. Sankhaninso tsiku limodzi limene simudzakamba za ntchito, ngakhale abwere ndani. Thumba la ufa likasowa mudzalira tsiku limodzi. Inu mukasowa, Tadala adzalira moyo wake wonse.

Loweruka a Jeremiya anatumiza buledi mmodzi kumudzi kuno. Pansi pake panali popserera pang'ono. Alongo anga anamutembenuza, anamununkhiza, anatsekula pakamwa kuti anene kanthu. Amayi anawayang'ana. Iwo ananyema buledi uja, n'kudya ndi tiyi, kenaka anagona masana onse, kupuma kwawo kukumveka mpaka pakhonde.

Tulo timeneto tili mkati, belu la njinga linaliranso. Ndinakumana nawo a Kamphinda pansi pa mtengo wa mango, asanafike pakhomo.

"Mwini wake alipo?"

"Alipo, bambo. Ali m'tulo, ndipo sadzutsidwa. Mwini mabanzi sabata ino ali ku Mponela. Makiyi ali ndi iwowo."

Anang'ung'udza kuti ana a masiku ano sukulu yawaononga, koma njinga anaitembenuza.

Sindinganene kuti nkhondo yatha. Makiyi akadali kwa a Jeremiya, komabe dzulo ndinaona dzanja la alongo anga likupapasa pamfundo ya chitenje, pamene makiyiwo ankakhala. Lolemba likubwerali akufuna kubwerera ku uvuni, ndipo sindikudziwa ngati sadzawaitanitsa.

Inu amene mukupopa matayala a njinga kuti mukazonde mnzanu wabizinesi amene wagona, tayambani mwasanthula m'thumba mwanu. Mwanyamula nthochi, kapena mwanyamula "poti ndafika kale"?