Kupuma kumene tinamva ife

Lachiwiri lapitali ndinachita manyazi pamaso pa makolo anga, manyazi oti ndikanakhala mwana ndikanathawira kuseri kwa nyumba.

Ndinachoka ku Mambo, komwe ndimakhala, m'mamawa, kukatenga ababa ndi amayi ku Torwood, n'kukwera nawo kombi ya ku Kwekwe. Linali tsiku loti ababa akaonedwenso kuchipatala. Mapapo awo anadyedwa ndi fumbi la mumgodi, momwe anaboola miyala zaka zambiri asanapeze ntchito kufakitale ya zitsulo. Anzawo akale matendawa amawatcha thayisisi, ndipo sachiritsika. Makutu nawo anawasiya kumgodi komweko, choncho kuchipatala makutu awo ndine.

Mayi wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, yemwe tonse timangomuti sisita, anawaimiritsa pakhonde kuti ayende kwa mphindi zisanu ndi imodzi. Miyezi isanu yapitayo ababa analiyenda khonde lomwelo, kupita n'kubwerera kangapo. Ulendo uno anangofika pakati n'kugwira khoma, miyendo ili njenjenje.

Sisita anatembenukira kwa ife. "Vari kudzidzira kufema here kumba? Vari kufamba here?" Ankafunsa m'Chishona ngati kunyumba ababa akumaphunzira kukoka mpweya monga anawaonetsera, komanso ngati akumayenda.

Amayi anayankha monyadira. "Sisita, vari kuzorora chaizvo. Kupuma akupuma ndithu. Olo kapu ya tiyi sanyamula okha."

Pomwepo ndinazindikira chomwe chinachitika.

Inu amene munakulira kuno ngati ine mwaona kale pomwe panalakwika. Chishona chili ndi mawu awiri. Kufema ndi kukoka mpweya, kuzorora ndi kusiya ntchito n'kukhala pansi. Ife m'chinenero chathu tili ndi limodzi lokha la zonse ziwiri, kupuma. Ulendo woyamba uja amayi sanapite nafe. Nditawabweza ababa kunyumba, ndili chiimire pakhomo kuthamangira kombi, ndinangowauza amayi kuti, "Akuti azipuma bwino, m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa tsiku." Za kuyenda ndinatchula mongodutsa, chifukwa inenso ndinkaopa kuwaona akubanika. Pepala lachingerezi lomwe tinapatsidwa amayi analisunga bwino m'Baibulo.

Ndiye amayi anga akauzidwa chinthu ndi achipatala sachita mwatheka. Khasu la kudimba anawalanda. Kutchalitchi anawaletsa, ati abusa azibwera okha. Madzi osamba kuwapititsira, nsapato kuwaveka. Ababa akati aimirire akaone nkhuku zawo, mawu anali amodzi: "Khalani pansi a Phiri, achipatala anati mupume."

Ine ndinkabwera mwezi ndi mwezi, kuwapeza ali phee pampando, n'kumathokoza Mulungu kuti chifuwa chachepa. Sindinafunsepo kuti kodi munamva kupuma kwake kuti. Safunsa anadya phula, koma phula langali anadya ndi ababa.

Sisita sanatikalipire. Anatikhazika pabenchi n'kufotokoza mofatsa. Munthu wa mapapo otere akamaopa befu amakhala pansi. Akakhala pansi miyendo imafooka. Miyendo yofooka imatopa msanga, ndiye befu lija limamupeza ngakhale popita kuchimbudzi, iye n'kuonjezera kukhala. Anati mapapo sangabwerere mwakale, koma miyendo ikhoza kubwerera ngati sitichedwanso. Anawaonetsanso ababa kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono ngati akuuzira tiyi wotentha, kuimirira pampando n'kukhalanso, ndi kunyamula mabotolo a madzi m'manja.

Amayi anafunsa ndi mawu aang'ono omwe sindinawamvepo kwa iwo chibadwire. "Ndiye kuti amene ndimawapha ndine?"

"Akuti chiyani?" anafunsa ababa.

Ndinawafuulira nkhani yonse kukhutu, mpaka odwala ena kutembenuka. Ababa anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Chitawasiya anagwira dzanja la amayi.

"Nabanda, simunandiphe ayi. Munandisunga ngati mbewu ya chaka chamawa."

Ndinatuluka panja ngati ndikukayankha foni, koma kunali kukalira.

Owerenga anga, liwu lija ndinalakwitsa ndine, sindikana. Koma n'chifukwa chiyani tonse tinalikhulupirira msanga chonchi? Ndi chifukwa ndi lomwe tinkafuna kumva. Kwathu kuno chikondi pa wodwala ndi mpando. Mumuphikire, mumufunde, mumulande ntchito. Mkazi amene mwamuna wake wodwala waonedwa akuyenda mumsewu ali wefuwefu, anthu amunena. Ati alibe chisoni, akufuna atsale ndi nyumba. Ndani angafune kunenedwa chotero kumsonkhano wa amayi Lachinayi?

Palinso china. Madoda a m'badwo wa ababa anagwira ntchito yakalavulagaga, usana sankauona. Tikamawauza kuti apume timaona ngati tikuwabwezera zomwe mgodi unawalanda. Nzeru imeneyo ndi yabwino pa malungo a sabata imodzi. Pa matenda okhala nawo moyo wonse imamaliza munthu mwakachetechete, kuyambira kumiyendo.

Ndipo si nkhani ya okalamba okha. Pabenchi lija panali amuna awiri a ku Silobela, okumba golide m'maenje, tsitsi lakudabe, chifuwa chofanana ndi cha ababa. Aliyense anali ndi mkazi pambali, atamunyamulira chikwama, botolo la madzi, ngakhale khadi lachipatala. Ndinadzifunsa kuti kodi iwowa akafika kunyumba akamva chiyani.

Tisanachoke sisita anatulutsa pepala la anthu ofufuza za matendawa. Anati makina oyezera mpweya alipo, koma ofufuzawo akufuna kumva kwa odwala eniake kuti kupeza bwino kwa iwo n'chiyani, kuti pokonza zolimbitsa thupizi aziyambira pamenepo. Anapempha chilolezo, ababa anavomera. Funso linali lakuti, n'chiyani chomwe mukufuna mutamachitanso nokha?

Ine ndinkaganiza kuti atchula dimba. Iwo anati, "Kuperekeza mlendo."

Sisita sanamvetse. Ndinamufotokozera, ndipo ulendo uno liwu lililonse ndinaliyeza kawiri. Kwathu mlendo satsanzikidwa uli pampando. Umaimirira, kumutulutsa pageti, kuyenda naye pang'ono, ndipo nkhani zenizeni zimatuluka pamenepo. Ababa anaonjeza kuti mwezi watha kunabwera mnzawo yemwe anaboola naye miyala. Pochoka anangomukwezera dzanja ali chikhalire, ngati bwana wamgodi. Mpaka lero zikuwawawa.

Zaka zonsezi tinawafunsa ngati adya, ngati amwa mankhwala, ngati agona bwino. Funso limeneli linachita kuchokera kwa anthu osawadziwa n'komwe. Inu kwanuko, wodwala wanu munamufunsapo?

Lachisanu m'mawa amayi anandiimbira. Moni weniweni panalibe.

"Iwe, tafika pageti."

"Ndani?"

"Ine ndi abambo ako. Poyamba amakana, ati ndiyende kupita kuti popanda chifukwa. Ndiye ndinavala nsapato za kutchalitchi, n'kutenga chikwama, n'kunena kuti a Phiri, ine ndinali mlendo wanu, ndikupita, ndiperekezeni."

"Ndiye anaimirira?"

"Anaimirira. Panjira anaima katatu, kumauzira tiyi wawo uja. Mawa akuti akandisiya pa mpopi wa anthu onse, pang'onopang'ono ndi mtolo."

Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku zikulira.

"Koma mwana wanga, sisita uja sanandiuze kuti chovuta n'chiti. Pamene amaima paja, akubanika, manja angawa ndinachita kuwagwira kumbuyo kuti ndisawakhazike pansi."