Holo Yonse Inamulanda Nyimbo

Mpaka lero munthu akanditchulira za mpikisano wa nyimbo uja, mtima wanga umawira. Ena amaseka, amati zinali zocheza. Zocheza kwa iwo! Kwa mng'ono wanga sizinali zocheza ayi.

M'zaka zimene ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indianapolis, anthu a ku Africa okhala ku America anayambitsa mpikisano wa nyimbo wa chaka ndi chaka. Dziko lililonse linkatumiza woyimba mmodzi. Poti Amalawi odziwana tinachuluka ku Indiana, ntchito yosankha woyimira Malawi inagwera ife. Tinapanga komiti, si mukutidziwa, tikangokumana atatu wina ndi tcheyamani kale. Komiti inagamula kuti chisankho chizichitika chaka china ku South Bend, chaka china ku Indianapolis, ati kuti pasakhale wodandaula. Madandaulo anayamba chaka choyamba chomwecho.

Chaka chimenecho tinasankha poomba m'manja, ku South Bend. Ife a ku Indianapolis tinapita ochepa chifukwa ambiri anali pa shifiti. Anzathuwo anabwera ndi azilamu awo, ana awo, ngakhale aneba achizungu amene sankamva liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa, koma manja anali nawo. Anapambana wa kwawo, ife tinabwerera tikutukwana msewu wonse.

Chaka chachiwiri, kwathu ku Indianapolis, anati manja ndi chinyengo, tiike akuluakulu aweruze. Ndiye kunayimba amayi busa ena, mawu akunjenjemera, vesi lachiwiri analiiwala n'kubwereza loyamba. Oweruza anayang'anana, anati sitingawachititse manyazi amayi pagulu. Amayi anapita ku mpikisano waukulu, anabwerako ndi zithunzi zokha.

Zikuoneka kuti maiko enanso ankachita zofanana, chifukwa chaka chachitatu okonza mpikisano waukulu anaika lamulo. Tisankhe tokha, inde, koma titumize vidiyo ya tsiku lachisankholo, ndipo woyimba amveke yekha popanda womuthandiza. Vidiyo ikakanidwa, atenga wotsatira. Lamulo lophweka, loti ngakhale mwana angalimve.

Nthawi imeneyo mng'ono wanga ankakhala nane ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, akumaliza maphunziro a unamwino. Chinali chaka chake chomaliza; mapepala ake okhalira ku America ankathera limodzi ndi sukulu, ndipo amayenera kubwerera kumudzi. Mwayi wake unali umenewo basi. Anapeka nyimbo ya amayi athu, amene anamwalira tonse awiri tili kuno, maliro awo tinangowaona pa foni. Ankaipulakitisa m'galimoto ndikamamuperekeza kusukulu, komanso tikaima pa Lafayette Road kukagula ufa ndi nsomba zouma, ine ndilowe m'sitolo, iye atseke mawindo aziyimba.

Koma nyimboyo anaimanga monga zakwathu, zija wina amayambitsa, gulu n'kumavomera. Mbali yovomerayo ankayimba yekha, mawu awiri okha: amayi, tinachedwa. Ine nditangoimva ndinamuuza.

"Iwe, nyimbo iyi anthu akulanda."

"Aa, achemwali, atcheyamani alengeza lamulo. Ndi anthu ophunzira awa."

Anthu ophunzira! Ndinangoti chabwino.

Chisankho chinabwereranso ku South Bend, mu holo ya pansi pa tchalitchi china. Atcheyamani analengezadi lamulo lija, koma m'Chingerezi, mothamanga, pakati pa chilengezo cha galimoto imene inatsekera inzake panja ndi pemphero la chakudya, anthu ali pa mzere wa mpunga ndi nkhuku. Ndinawapempha kuti abwereze m'Chichewa anthu atakhala pansi. Anati, "Amva, mayi, musade nkhawa."

Woyamba kuyimba anali bambo wina wogwira ntchito ku yunivesite. Anayimba nyimbo yachikondi ya Chingerezi imene anapeka yekha, zoyimbira zikuchokera mu foni. Eee, inali yaitali! Mu holo munali zii, ena akuyang'ana mafoni, ena akumaliza mafupa a nkhuku. Atamaliza tinamuombera m'manja chifukwa choti wamaliza. Kenako panabwera mayi wina wa nyimbo yakwaya, anthu n'kumamuthandiza pang'onopang'ono.

Mng'ono wanga anakwera wopanda chida chilichonse, maiki yokha. Vesi loyamba anthu anakhala chete, mafoni anapita pansi. Mawu ake anali oyera, ndipo ine ndinamva misozi ikubwera. Atafika kachiwiri pa mawu awiri aja, amayi ena achikulire kumbuyo anavomera chapansipansi. Kachitatu unali mzere wonse. Kachinayi azimayi anali atagawana kale mawu, awa apamwamba, awa apakati, azibambo akugunda besi ngati anaipulakitisa mwezi wathunthu.

Ndinaimirira, manja m'mwamba. "Chonde, khalani chete! Akurekoda!"

Mayi amene anali kumbuyo kwanga anandikoka diresi. "Khala pansi iwe, ukuchitira nsanje mng'ono wako yemwe?"

Nsanje, ine! Ndinayang'ana kwa atcheyamani kuti aletse anthu awo. Ndinawapeza ataima pafupi ndi kamera, maso atatsinzina, dzanja pachifuwa, akuyimba besi kuposa onse. Nthungululu zinayamba. Amayi ena anamasula chitenje, anakwera kutsogolo kukamupukuta mng'ono wanga misozi, kenako anatembenuka n'kumavina pomwepo, msana wawo wonse utatseka kamera. Mng'ono wanga anapitiriza kuyimba, pakamwa pakuoneka kuti pakutseguka, koma mawu ake palibe amene ankawamva, ngakhale ine.

Oweruza sanakangane n'komwe, anamupatsa nambala wani. Anthu anamukumbatira, ena akumuuza za amayi awo amene nawonso sanawaike. Pobwerera ku Indianapolis iye anali wosangalala ngati mwana, akuti, "Achemwali, mwaona mmene analirira anthu?" Ine ndinangogwira chiwongolero.

Patapita masiku angapo, foni ya atcheyamani inabwera tikudya. Mng'ono wanga anaika pa sipika kuti ndimve nawo nkhani yabwino. Anayamba ndi moni wautali, za kuntchito, za chisanu, ine ndinadziwiratu. Okonza aja anaikana vidiyo, ati imeneyi ndi kwaya. Ya mayi wa nyimbo yakwaya uja, amene anali wachiwiri, anaikananso pa chifukwa chomwecho. Vidiyo imene inamveka munthu mmodzi yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza inali ya bambo a ku yunivesite aja, amene palibe anawavomera chifukwa palibe anaifuna nyimbo yawo. Amenewo ndiwo anakaimira Malawi.

"Mwana wanga," anatero atcheyamani, "anthu anakukonda, chachikulu n'chimenecho. Chaka chamawa udzayesenso."

"Chaka chamawa ndidzakhala kumudzi, bambo," anayankha mng'ono wanga mwaulemu, mawu ali pansi.

Ine ulemu unandithera. Ndinatenga foni ija, ndinawafunsa kuti besi ija inali ya ndani. Ndinawauza kuti apemphe tirekodenso. Anati anapempha, lamulo likuti vidiyo ya tsiku lomwelo. Lamulo analidziwa tsopano! Pofika Lamulungu mbiri inali itafika ku South Bend yoti ndine mkazi wamwano, wosalemekeza akuluakulu.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti palibe anapepesa. Ankati malamulo a kunja sadziwa chikhalidwe chathu, chonsecho okonzawo anali akuda anzathu. Inenso ndinakulira kumudzi komweko, ndikudziwa kuti kwathu nyimbo siyimbidwa ndi munthu mmodzi, ndipo kusiya mnzako akuyimba yekha kuli ngati kumusiya akusenza yekha mtolo. Sindikukana. Koma mtsikanayo ankangofuna chinthu chimodzi, kuti amumvere, ndipo iwo anakonda kudzimva okha. Mpikisanowo sunakhalitse, unatha patapita zaka zochepa, anthu atatopa ndi kukangana.

Mng'ono wanga atamaliza sukulu tinamuchitira phwando lotsanzikana kunyumba kwanga. A ku South Bend anabwera vani yodzaza, atcheyamani ndi amayi a chitenje aja ali momwemo, atanyamula mandasi. Titadya, amayiwo anati, "Mwanawe, tiyimbire nyimbo ija usanapite."

Ndinafuna kuyankha ine, koma mng'ono wanga anandigwira mkono. Anaimirira pakhomo la kukhitchini n'kuyamba. Atafika pa mawu awiri aja ndinaona milomo ya azimayi ikugwedera, wina anadzitseka pakamwa ndi dzanja. Palibe anavomera. Anayimba yekha mpaka kumapeto, ndipo vesi lomaliza, limene amawauza amayi kuti watsala pang'ono kubwera kudzaona manda, anthu aja analimva koyamba tsiku limenelo. Panalibe kamera, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza foni.

Atamaliza anthu anangokhala, maso pansi. Atcheyamani anakonza pakhosi ngati ayankhula. Mng'ono wanga sanawadikire. Anatembenukira kwa ine, anati, "Achemwali, tiyeni mukandithandize, sutikesi ikukana kutseka."