Maso a Ng'ombe ku Pretoria

Ndinaganiza zopita ku Joni nditatopa ndi kudikira. Maphunziro a za labotale ndinali nditamaliza ku Lusaka, koma zaka ziwiri zinatha ndili pakhomo ku Vubwi, kuthandiza atate kutola thonje. Uthenga utafika woti ndapeza ntchito ku Pretoria, atate anangofunsa kuti, "Ukakhala ndi ndani kumeneko, Tisa?" Ndinati ndekha. M'mawa mwake anandinyamulira chikwama panjinga mpaka pokwerera galimoto.

Mankhwala asanagulitsidwe amayenera kuyesedwa ngati angawononge maso a munthu. Kale ankawadontheza m'maso mwa akalulu amoyo. Ife kulabotale ya ku Pretoria tinkatenga maso a ng'ombe zophedwa kale kubutchala, kuchotsa kachikopa koonekera mkati ka pamwamba pa diso, n'kudonthezapo mankhwalawo. Kakachita mbuu, ndiye kuti ndi oopsa. Funso linali lakuti njirayi ingadalirike pa mankhwala ena atsopano a m'munda? Malabotale atatu, kuphatikizapo yathu, ankalandira mabotolo ofanana, opanda dzina, nambala yokha. Mayankho athu ankayenera kugwirizana okhaokha, komanso ndi zomwe zinalembedwa kale pa akalulu.

Ndinkakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu. Muminibasi ndinkatseka pakamwa kuti asadziwe kuti ndine mlendo. Lamlungu linkatha osalankhula ndi munthu, kupatula kumvera mawu omwe amayi ankanditumizira pafoni. Malipiro ankathera ku lendi ndi feteleza wa kumudzi, koma amayi ankauza anzawo kutchalitchi monyada kuti mwana wawo amagwira kubutchala yaikulu. Sindinawatsutse.

Chaka chachiwiri mayankho anga anasiyana ndi a malabotale ena aja. Mankhwala ofatsa, kwa ine ankaoneka oopsa. Bwana wathu, mayi wosachulutsa mawu, anandiitana.

"Mwina ndi dzanja lako. Tikalephera apa, mankhwala amenewa abwerera kwa akalulu, ndipo iwe sindikudziwa ngati ndikusunga."

Ndinapempha milungu itatu. Ndinayang'ana makina, mipeni, madzi otsukira, osapeza kanthu. Kenako ndinakwera nawo galimoto yokatenga maso aja. Dalaivala ankadutsira malo ena atatu, dzuwa likuswa, ayezi wa m'bokosi n'kusungunuka yense. Maso ankafika atawonongeka kale. Tinasintha njira, ndinayesanso botolo lililonse kuyambira loyamba, ndipo mayankho anagwirizana. Bwana anangoti, "Lemba zimenezi kuti ena asadzagwe m'mbuna yomweyi."

Ndinabwerera kumudzi patatha zaka zinayi, nyengo yopopera thonje. Ndinapeza atate akuchokera kumunda, sipuleya kumsana, maso ali psuu, misozi ikungotsika yokha. Pakhonde panali botolo la chakumwa lokhala ndi madzi achikasu.

"Atate, mankhwala awa dzina lake n'chiyani?"

"Ndi a mbozi. Timagula kwa a Mbewe pamsika, amachita kutipungulira."

"Nanga masowo?"

"Amatero chaka chilichonse. Akatha masiku atatu amasiya."

Zinandilasa mtima. Zaka zinayi ndinali ndikuvutikira mawu ochepa ochenjeza omwe amalembedwa pachigubu cha mankhwala, koma kwathu chigubucho sichinkafika n'komwe. Ndinawasukuluza m'maso ndi madzi ambiri, n'kuwaumiriza kuti tipite kuchipatala.

Lachisanu ndinapita kwa a Mbewe. Poyamba anandiyesa wa boma, anayamba kubisa katundu. Nditawauza kuti ndine mwana wa a Phiri a kuseri kwa sukulu, anatulutsa chigubu chomwe anagula kutsidya kwa malire. Zonse zinali m'Chipwitikizi. Chizindikiro cha kuopsa kwa maso chinalipo, chachikulu ndithu.

"Ine ndimayesa ndi chithunzi cha kampani," anatero mwamanyazi. "Nanenso manjawa amandiyabwa."

Ndinakhala pabenchi lawo n'kuyamba kulemba m'Chichewa pa timapepala: osagwira ndi manja, phimbani maso, akakugwerani sambani msanga ndi madzi ambiri. A Mbewe anagula guluu, n'kumamata pa botolo lililonse. Ndinkaopa kuti anthu aseka. Sanaseke. Alimi omwe ndinkawayesa osalabadira anaima pamzere, ena anathamangira kunyumba kukatenga mabotolo akale. Mayi wina wobereka mwana anayika atatu patsogolo panga.

"Mulembe zilembo zikuluzikulu," anatero. "Amuna anga saona bwino, ndipo opopera ndi iwowo."