Mabuleki a Ngolo ya Boti la ku Bua

Boti linafika pa Namitete Lolemba m'mawa, litagona pamsana pa lole yochokera ku Salima. Dalaivala atamva kuti kutsogoloko ndi msewu wadothi, mvula ili pachimake, anatsitsa katunduyo pakhomo panga n'kutembenuka. Ntchito yotsala inagwera pikapu yanga.

Mwini boti anali alamu anga a Chikuse, mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya kuseri kwa Kabudula. Kwawoko anthu amawoloka mtsinje wa Bua pa bwato losema, ndipo madzi akadzaza amawoloka mtima uli m'mwamba. Boti la injinili mudzi wonse unkalidikira.

Ngolo yachitsulo yokokera boti tinabwereka, koma inalibe mabuleki. Ine ndinkafuna tinyamuke tsiku lomwelo, mtedza wanga unkandidikira. Alamu anakana, tinapita kwa a Lufeyo owotcherera zitsulo pamsika.

"Mabuleki amagetsi ndingakuikireni msanga," anatero a Lufeyo, "koma ngoloyi muzikaiviika m'madzi potsitsa boti, eti? Sachedwa kufa amenewo. Ena ndi amafuta. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha pachokolekera, ndiye kukankha komweko n'kumene kumagwiritsa mabuleki. Koma zipangizo zake n'zam'tauni."

"Alamu," ndinatero, "ngolo za ng'ombe zimatsetsereka zitunda zomwezi popanda zonsezi."

"Ng'ombe ukaiuza kuti ima, imamva. Botili lilibe makutu. Tiika amafutawo."

Ndinapsa mtima, kunena zoona. A Lufeyo anakwera minibasi kupita ku Lilongwe, anabwerako ndi paipi yosakwana, mawa lake anakweranso. Ine ndinkangozungulira boti lija ngati nkhuku yofuna kuikira. Alamu akandiona ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu ndinafika podana nawo.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa, alamu atapemphera pemphero lotchula gudumu lililonse. Pa tala zinayenda bwino. Ndikaponda buleki ndinkamva kumbuyo kukuti gu, kenako ngolo n'kudzigwira yokha. Titapatukira kumsewu wadothi, anthu ankasiya makasu m'minda kudzationera.

Pa Nsaru tinaima masana kudya tchipisi cha pachiwaya. Wokazingayo anayang'ana boti, anayang'ana ife.

"Kodi abwana, nyanja yasamukira kuno? Ngati muli ndi usipa m'menemo, tigawireni."

Alamu anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinkangoyang'ana mitambo yomwe inkada cha kumpoto, ndipo ndinawakokera m'galimoto asanamalize thobwa lawo.

Titadutsa Kabudula mvula inatipeza. Msewu unasanduka phala, pikapu ikuvina uku ndi uku. Itakata mvulayo tinafika pamtsetse wautali wotsikira kumudzi kwa alamu, ndipo pokhota ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu. Kwathu kuno masamba otere ndiye kuti pali maliro: wanjinga amatsika, wagalimoto amayenda mwakamba. Koma kuseri kwa masambawo sikunali anthu ochepa. Amayi anali atakhala mumsewu momwemo, chifukwa m'mbali monse munali madzi.

Ndinaponda buleki. Matayala akutsogolo anaterereka, ndipo ndinamva kulemera konse kwa boti kukubwera pamsana panga. Alamu anagwira chitseko n'kufuula dzina la Yesu. Kenako kumbuyo kunati gu, ngolo inaluma nthaka, n'kutikoka ngati munthu wakugwira malaya. Tinaima matayala ataponda masamba aja. Mayi wina amene anali pafupi kwambiri anangokoka mwana wake.

Ndinatsika m'galimoto. Ndinkafuna kuwauza alamu kuti ananena zoona, koma iwo anali atavula kale chipewa, akulankhula ndi bambo wina wachikulire.

"Kodi watisiya ndani?"

"A Yohane, aphunzitsi aja. Lachiwiri ankachokera kutsidya kukaona mayi awo, bwato linagubuduzika pakati. Tawapeza dzulo m'bango."

Lachiwiri. Tikananyamuka Lolemba, botili likanakhala lili pamadzi tsiku limenelo. Alamu anatembenuka n'kuyang'ana boti, anayang'ananso amayi aja mumsewu, ndipo nkhope yawo sindidzaiiwala. Chisoni chinandigwira, osati cha malemu okha, komanso cha munthu amene ndinakhala ndikumunyinyirikira sabata yonse.

Bambo uja anapitiriza. "Mwambo tauimika. Mayi awo ali kutsidya, ndipo palibe akulimba mtima kukwera bwato."

Anthu anatipatukira, tinatsikira kudooko pang'onopang'ono. Ndinabweza ngolo mpaka matayala anamira, amuna anakankha boti, injini inalira. Alamu anapita okha ndi mnyamata wina wam'mudzimo wodziwa kuyendetsa boti.

Ine ndinatsala pagombe, mafunso ali tho m'mutu. Tikanathamanga, mwina a Yohane akanakhala moyo. Mwinanso pamtsetse womwewo tikanapha ena, kapena kufa ife tomwe.

Boti linabwerera dzuwa litapendeka. Pakati pake panakhala mayi wokalamba atafunda chitenje kumutu, alamu atawagwira dzanja. Amenewo ndiwo anali oyamba kukwera boti lathu, ndipo ankabwera kudzaika mwana wawo.